M'BINDIKIRO UMENE UDATIBWEZERA KWA ABALE ATHU



Pamene akulu okonza chaka chino cha Jubile adatitumizira mau akuti tidzaime pano ndi kunenapo za m'bindikiro, tidayamba takana, pakuti ife ndife aphunzitsi a kumudzi chabe, ozolowera kulankhula ndi ana, osati ndi khamu lotere. Koma adatiyankha kuti za nzeru zakuya adzanena ndi ansembe, ndipo kwa ife afuna kumva chimene tidachiona ndi maso. Tsono tavomera, ndipo tipempha kuti mutilezere mtima, chifukwa zina zimene tinene nzotichititsa manyazi. Eni ache nkhaniyi tawafunsa, ndipo atiloleza kuti tiikambe pano, malinga tisatchule maina.

Tiyambe ndi liu lenilenilo. Liu lakuti m'bindikiro silidabwere ndi ngalawa ai. Makolo athu anali nalo kale. Namwali akatha msinkhu ankabindikira m'tsimba, anamkungwi namlangiza. Mai akaona mwana ankakhala m'chikuta kufikira mchombo utagwa. Munthu woti alongedwe ufumu ankamtsekera m'nyumba, akuluakulu namuuza za kasungidwe ka anthu. Amene adalowapo m'nyumba ya Chamare, pa Kungoni pano, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, adaona zithunzi za miyambo yotere ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma zindikirani chinthu chimodzi: mwa onsewa panalibe ndi mmodzi yemwe wobindikira kuti akhale m'nyumbamo kosalekeza. Ankalowa kuti adzatuluke, ndi kubwerera kwa anthu ache ali wodziwa kukhala nao bwino koposa kale.

M'Eklezia ziri chimodzimodzi. Ambuye athu adakhala m'chipululu masiku 40 asanayambe ntchito yao. Ndipo Marko Woyera, m'mutu 6, asimba kuti atumwi atabwera ku ulendo wolalikira, Ambuye adawatengera pa okha kuti akapumule. Koma dongosolo la m'bindikiro limene tilidziwa lero lidachokera makamaka kwa Ignatius Woyera wa ku Loyola. Iyeyu anali msilikali, ndipo adalasidwa mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona mu 1521. Atachira adakakhala ku Manresa pafupi chaka chathunthu, kuyambira mu 1522, napemphera ndi kulemba zimene zinkachitika mu mtima mwache. Zolembazo zidasanduka kabuku kotsogolera munthu pa m'bindikiro wa masiku 30, ndipo Papa Paul III adakavomereza mu 1548. Mu 1922 Papa Pius XI adaika Ignatius kukhala nkhoswe ya mibindikiro yonse. Ife anthu a minda ndi masukulu sitingathe kusiya ntchito mwezi wathunthu, chifukwa chache Eklezia atipatsa masiku atatu kapena anai, koma njira yache ndi yomweyo.

Abambo Oyera, a chipani chimene Kadinala Charles Lavigerie adayambitsa ku Algiers mu 1868, adafika koyamba m'dziko lino kwa Mponda mu 1889, nachokako mu 1891 osabala zipatso zooneka. Mu 1901 Abambo a Montfort adakhazikika ku Nzama, ndipo mu 1902 Abambo Oyera adabweranso namanga misasa pano pa Mua, patsinde pa mapiri awa, m'mbali mwa Nadzipokwe. Lamulo lao linali lakuti munthu aphunzire zaka 4 asanabatizidwe. Agogo athu ankatisimbira kuti nthawi ya ubatizo ikayandikira ankanyamula ufa ndi mphasa, nadza kudzakhala pa mishoni, anthu a midzi yosiyana ndi mitundu yosiyana, kudya mbale imodzi ndi kugona nyumba imodzi. Ankanena kuti katekisimu ambiri adaiwala pokalamba, koma anzao amene adagona nao masiku amenewo sadawaiwale. Akakomana pa msika ankaitanana achimwene. M'dziko lomwelino mudatuluka Ambuye Cornelius Chitsulo, amene adalandira unsembe mu 1937 nadzozedwa kukhala Episkopi wa Dedza mu 1957, woyamba mwa eni dziko. Mpingo umenewu tsopano wapitirira zaka 120, ndipo udayamba ndi anthu ogona pa mphasa zoyandikana.

Tsopano tifike pa nkhani yathu. Mudzi wathu uli kutali ndi pano, ulendo wa maola atatu pa njinga, ndipo ansembe amatifika kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Masiku ena onse, amene amatsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa ana, kuyendera odwala ndi kuika maliro ndi akatekisti athu, munthu wamkulu amene wagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 30. Ife tomwe tiri kulankhulafe adatiphunzitsa ndi iwo kuchita chizindikiro cha mtanda, tikali ana a mamina.

Tchalitchi chathu chinali chofolera ndi udzu, ndipo chinkadontha. Mu 2023, titakolola, akristu adapereka masika, ndipo gawo lopita ku parishi litachoka padatsala matumba 14 a chimanga. Tidapangana kuti tiwasunge kufikira nyengo ya dzinja, pamene mtengo umakwera, kuti tidzagule malata. Matumbawo adaikidwa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Kiyi adasunga akatekisti. Buku tidasunga ife, pakuti ndife alembi a komiti.

Mukumbukira nonse m'mene zidakhalira. M'mwezi wa November 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu, mitengo ya zinthu nikwera. Kuchiyambi kwa 2024 mvula idadula chimanga chiri pafupi kumasula, kotero kuti m'mwezi wa March boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. M'masiku amenewo tidatsegula kachipinda kaja kuti tigulitse, ndipo tidawerenga matumba 9. Loko sanathyoledwe, zenera linali chitsekere. Tidafunsa akatekisti pamaso pa komiti, ndipo iwo adati, “Ndachotsa ndine, ndipo ndidzabweza.” Tidati, “Mwapita nacho kuti?” Iwo adawerama, osayankha. Tidafunsa kachiwiri ndi kachitatu, koma mau ao anali omwewo.

Pamenepo ife tidachita chimene mphunzitsi achidziwa bwino: tidaonkhetsa masamu poyera. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, tidaimirira ndi buku lathu, ndi kuwerenga kuti matumba adalowa angati, atsala angati, ndi kuti kiyi ali mmodzi yekha. Dzina sitidatchule, koma panalibe mwana wosamva. Kuchokera tsiku limenelo manong'onong'o adayamba. Wina ati waona matayala atsopano pa njinga yao, wina ati mwana wao walipiriridwa sukulu. Ndipo ife, pakumva zimenezi, sitidazitsutse ngakhale tinalibe umboni. Mpingo udagawika pawiri. Ena adatsala m'tchalitchi ndi akatekisti, ena tidayamba kupemphera patsinde pa mtengo wa mango ku sukulu. Kwaya idasweka, ndipo amai amene ankatungira pamodzi madzi adayamba kupita ku mjigo nthawi zosiyana.

Choipa koposa chidachitika m'mwezi wa May. Mdzukulu wa akatekisti adamwalira ndi malungo. Ife tidapita m'mawa, tidakhala pang'ono kumbuyo kwa anthu, tidaperekeza ku manda, ndipo tidabwerera kwathu. Pa siwa sitidagone, ngakhale dzanja sitidawapatse. Inu akulu mudziwa kulemera kwa chinthu chotere pa mudzi. Koma ife tinkadziuza kuti mlandu suola, ndi kuti tiri kuteteza chuma cha Mulungu.

M'mwezi wa August, masukulu atatsekera, idafika kalata ya ku parishi yoitana akatekisti, aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati ku m'bindikiro, kuyambira Lolemba madzulo kufikira Lachisanu m'mawa. Tinene zoona: sitidabwere chifukwa cha ludzu la mapemphero. Tidabwera poopa kuti tikatsala anthu adzati olakwa ndife. Akatekisti adapalasa njinga yao. Ife tidakwera kabaza, ndi kudzera njira yina kuti tisakomane.

Titafika tidakomana ndi zinthu zitatu. Choyamba chinali thumba. Kalata idanena kuti ali yense abweretse ufa ndi nyemba monga angathere. Amai Asisteri adaika thumba lalikulu kuseri kwa chitseko cha ku khitchini, natiuza kuti tizilowa mmodzimmodzi ndi kukhuthula, wina osaona. Chinali chaka cha njala, ndipo ena adalowa ndi kajumbo kopanda kanthu. Koma potuluka onse ankaoneka chimodzimodzi. Ife tidaabweretsa ufa wambiri ndithu, ndipo tivomereze kuti mtima udatiwawa pang'ono poona kuti palibe adzadziwe. Chachiwiri chinali dengu, m'mene tonse tidaponya mafoni athu kufikira Lachisanu. Chachitatu chinali malo ogona. Adatigawa monga mwa matchalitchi athu, ndipo popeza a kwathu tinali awiri okha, mphasa yathu idayalidwa pafupi ndi ya akatekisti, mpata wache wongokwana kuika nsapato.

Titadya, Bambo wotsogolera m'bindikiro adalengeza kuti kuyambira pamenepo kufikira Lachinai madzulo pasakhale kulankhulana. Tidakondwera mu mtima, ndi kuti lamuloli latipulumutsa, pakuti sitidzafunika kuwapatsa moni.

Masiku ankayenda motere. Belu loyamba kusanache, mapemphero a m'mawa ndi Misa, kenaka phala. Bambo ankalankhula katatu pa tsiku, nthawi yochepa, ndipo akatha ankatipatsa ndime ya m'Malembo Oyera kuti ali yense akakhale nayo pa yekha ola lathunthu. Masana tinkagwira timantchito, kusesa, kutsuka mbale ndi kuwaza nkhuni, zonse mwakachetechete. Madzulo korona, ndipo tisanagone kudzifufuza mtima.

Ambiri aganiza kuti munthu akatseka pakamwa apeza bata pomwepo. Sizidatero ndi ife. Lachiwiri lonse tidakhala pa mwala m'mbali mwa mtsinje, Baibulo liri chitsegulire pa maondo, koma m'mutu mwathu munali bwalo la milandu. Tinkakonza mau amene tidzanene kwa Abambo, tinkayankha mafunso amene palibe adafunsa, ndipo mlandu uli wonse tinkapambana ndife. Pamenepo tidadziwa kuti phokoso limene tinkadandaula nalo kumudzi silinali la anthu ai. Tidabwera nalo tokha.

Madzulo ache Bambo adatiphunzitsa kudzifufuza mtima monga adalangizira Ignatius Woyera, pa masitepe asanu: kuyamba ndi kuthokoza Mulungu pa zabwino zimene talandira, kupempha kuwala kuti tidzione bwino, kuyendera tsiku lonse ola ndi ola, kupempha chikhululukiro, ndi kutsimikiza kukonza. Adatichenjeza kuti tisalumphe choyambacho, natiuza kuti titchule anthu amene Mulungu adatipatsira zabwino kudzera mwa iwo, kuyambira pa ubwana. Tidatchula amai athu ndi atsibweni amene adatilipirira sukulu. Koma titafika pa amene adatiphunzitsa kupemphera, tidaima. Munthuyo anali atagwada patsogolo pathu, ndipo tinkaona chigamba pa msana wa jekete yao.

Usiku umenewo tulo sitidatipeze. Akatekisti ankatsokomola, ndipo pakati pa usiku, poyesa kuti tonse tagona, adayamba kunong'ona. Tidatchera khutu, ndipo tidamva kuti ali kutchula akristu a mudzi wathu nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtunda kutsikira ku dambo, a m'tchalitchi ndi a patsinde pa mango omwe. Dzina lathu lidadutsa pakati pa ena, pamodzi ndi maina a ana athu onse. Sadalikweze, sadalitsitse, sadaonjezepo mau. Kamvekedwe kache kanali ka munthu amene achita zimenezi usiku uli wonse.

Lachitatu Bambo adatipatsa Mateyo mutu 5, pamene Ambuye anena za munthu wodzapereka mphatso ku guwa, amene ayenera kuyamba wakayanjana ndi mbale wache. Adatisonyeza chinthu chimene tidaawerenga kawirikawiri osachiona: kuti ndimeyo sinena za mbale amene watilakwira, koma za mbale amene ali nafe chifukwa. Tsono adatipatsa pepala, natiuza kuti mbali imodzi tilembe amene adatilakwira, ndipo mbali yina amene angakhale ndi dandaulo pa ife. Mbali yoyamba tidadzaza msanga, ndi zilembo zokongola za uphunzitsi. Mbali yachiwiri idakhala yoyera nthawi yaitali, kufikira tidakumbukira siwa ija.

Masana a tsiku lomwelo ntchito yotsuka mbale idagwera ife awiri. Iwo ankatsuka, ife tinkatsukuluza. Kwa miyezi isanu tidaawayang'ana ngati mlandu. Tsopano, pokhala phee, tidawaona ngati munthu. Manja ankanjenjemera, khosi lidaonda, ndipo lamba anali ataboola bowo latsopano. Tidadzifunsa mu mtima kuti, kodi munthu amene adadya matumba asanu a chimanga aoneka chonchi? Makolo adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ife tinali tisanadekhepo chiyambire.

Lachinai linali tsiku la kulapa. Zimene zidanenedwa m'menemo ziri pakati pa ife ndi Mulungu, koma funso limodzi tikhoza kulibwereza, popeza ndi lathu. Bambo adatifunsa kuti, pamene tinkawerenga masamu aja m'tchalitchi, kodi tinkafuna chimanga chibwerere, kapena munthu achite manyazi? Sitidathe kuyankha msanga, ndipo kuchedwako kudayankha kokha.

Madzulo, titapembedza Ukaristia Woyera, lamulo la chete lidamasulidwa, ndipo a tchalitchi chimodzi adauzidwa kuti akhale pamodzi ola limodzi. Tidakhala pa khonde, ndipo nthawi idapita palibe woyamba. Potsiriza tidati, “Bambo, tidalakwa posagona pa siwa ya mdzukulu wanu. Mutikhululukire.” Iwo adakhala chete, kenaka adati, “Aphunzitsi, chija chidandiwawa koposa zonse. Koma woyamba kulakwa ndine, chifukwa chimanga sichinali changa.” Pamenepo adafotokoza. M'mwezi wa February anthu adayamba kugogoda usiku, mabanja asanu ndi awiri, ena atagona ndi njala masiku awiri, ena ali kudyetsa ana madeya. Ankawapatsa ndowa imodziimodzi, poganiza kuti adzabweza akakolola. Koma munda wao udauma monga ya ena onse. Tidafunsa chifukwa chimene sadauzire komiti. Adati, “Ndidawalonjeza kuti sindidzawatchula, ndipo ndidaopa kuti inu mudzati tiwerenge maina ao m'tchalitchi.” Tidafuna kukana, koma tidadziwa kuti akunena zoona, pakuti tikadaterodi. Maina amenewo sadatiuze usiku umenewo, ndipo sitidawafunse.

M'mawa mwache tidakaonekera tonse awiri kwa Bambo. Musaganize kuti adayamikira wina ndi kudzudzula wina. Kwa akatekisti adati chuma cha mpingo sichigawidwa ndi munthu mmodzi, ngakhale mtima wache ukhale wabwino chotani, pakuti chinsinsi chotere chibala kukaikirana. Kwa ife adati buku la komiti lidaikidwa kuti litumikire anthu, ndipo likasanduka mkwapulo lataya ntchito yache. Adatilangiza kuti tisankhe anthu atatu okhulupirika, mmodzi wa iwo akhale mai, amene adzalandira madandaulo a osowa ndi kusunga maina, ndipo mpingo uzingomva kuchuluka kwa zimene zatuluka.

Misa yotsiriza itatha tidalandira mafoni athu, ndipo tidabwerera pa njinga imodzi, ife kupalasa, iwo atakhala pa keriyala. Titalowa m'mudzi amai a pa mjigo adasiya kupopa madzi ndi kutiyang'ana kufikira tidapotoloka.

Koma phunziro lathu linali lisanathe. Usiku womwewo adafika ku nyumba kwathu mlongo wathu weniweni, wa bere limodzi, amene amuna ache adamwalira namsiyira ana anai. Adakhala pansi, nati, “Achimwene, ndamva kuti mwayanjana ndi akatekisti, tsono ndinene. Mwa amene adalandira chimanga chija, mmodzi ndine.” Tidafunsa kuti bwanji sadabwere kwa ife. Adati, “Ndidabwera kawiri. Koyamba ndidakupezani muli kudandaula za anthu opemphapempha, kachiwiri muli kuwerenga ngongole za ena m'buku. Ndidaopa, ndipo ndidabwerera.” Abale, pa mwambo wathu mwini mbumba ndi mlongo wamwamuna, ana amenewo ndi athu kuwasamala. Munthu amene tidamnyoza miyezi isanu ndiye adadyetsa mbumba yathu, nasenza manyazi athu pa mutu pache, osatsegula pakamwa.

Lamulungu lotsatira tidaimirira tonse awiri pamaso pa mpingo, ali yense nanena kulakwa kwache, osati kwa mnzache. Anthu atatu aja adasankhidwa. Tidatsegula dimba la mpingo ku dambo, kuthirira ndi makeni, ndipo pofika masika a 2025 matumba asanu aja adabwerera. Koma tisakunamizeni kuti zonse zidakonzeka. Malata adakwera mtengo, ndipo tidangofolera mbali imodzi. Mabanja atatu amene adachoka m'masiku a mkanganowo sadabwerere. Tawayendera, atilandira bwino, koma ati adaona zokwanira. Mau amene tidalola kuti afale sitingathe kuwatolanso, pakuti madzi akatayika saoleka. Chilonda chimenechi tiri nachobe, ndipo tipempha kuti mutipempherere.

Tsono kodi tiphunzirapo chiyani? Choyamba ndi ichi: m'bindikiro sikuthawa anthu. Ife tidabwera kuganiza kuti tidzakhala tokha ndi Mulungu, ndipo Mulungu adatiyalira mphasa pafupi ndi munthu amene tinkamzemba. Kumudzi tinali ndi njira zambiri zolambalala, ndiponso anzathu ambiri otivomereza. Pano panalibe kolambalala, panalibe wotiombera m'manja. Chibale cha m'chikhulupiriro sitidachipeze mwa anthu atsopano okoma nkhope, koma mwa mbale wakale amene tidaamtaya.

Chachiwiri tinena kwa inu akatekisti. Ntchito yanu ndi yaikulu, ndipo Eklezia aidziwa. Charles Lwanga Woyera sanali wansembe, koma ndiye adalimbikitsa anzache ndi kubatiza Kizito usiku, asanaphedwe ku Namugongo pa 3 June 1886. Mu 2021 Papa Francis adakhazikitsa ukatekisti kukhala utumiki woikika wa mu Eklezia. Koma ulemu umenewu usakupangitseni kusenza zonse nokha. Anthu amagogoda kwa inu usiku ndi njala, ndi maukwati ogwedezeka, ndi zinsinsi zolemera. Nanga inu mumagogoda kwa yani? Mutu umodzi susenza denga. Kalata ya m'bindikiro ikafika musanene kuti ntchito yachuluka, ndipo musabwere ngati oyang'anira anzanu. Bwerani ngati anthu otopa, ofuna kupumula ndi kumvedwa.

Chachitatu tinena kwa mpingo wonse. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adabadwira kuno ku Mua mu 1933 nakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, adasonkhanitsa akristu a dayosizi yao pa sinodi yaing'ono kuyambira 1973 kufikira 1975, ndipo adalimbikitsa kuti mpingo ukhazikike m'miphakati, pakati pa anthu odziwana ndi oyandikana nyumba. Koma anthu oyandikana ndiwonso amapondana zala. Mphakati umene umangokomana kusonkhetsa mtulo ndi kugawana ntchito udzatha ndi milandu. Si onse angathe kubwera ku mishoni masiku anai, koma mphakati uli wonse ungathe kupatula tsiku limodzi pa chaka, m'nyengo ya Lenti kapena titakolola. Sipafunika ndalama ai. Pafunika mthunzi, Baibulo, thumba limodzi la kuseri kwa chitseko, dengu la mafoni, maola angapo a chete, ndi pepala la mbali ziwiri. Ife kwathu tayamba kutero, ndipo amene amavutika koposa ndi chete ndi ife aphunzitsi.

Potsiriza tikumbuke tanthauzo la chaka chimene tiri kuchita. M'buku la Levitiko, mutu 25, Jubile chinali chaka cha 50 chiri chonse, pamene lipenga linkalira, akapolo namasulidwa, ndipo munda umene munthu adagulitsa chifukwa cha umphawi unkabwerera ku banja lache. Chinali chaka chobweza. Lero tavala nsalu zatsopano, taimba, ndipo mpunga ndi nyama ziri pa moto, zonsezi nzabwino. Koma m'khamu lino muli anthu amene akhala mbali zosiyana mwadala, ndipo ali yense adziwa mwini kumene maso ache akupewa. Tipempha chinthu chimodzi chokha: musanasambe m'manja kuti mudye, tembenuzani pepala lanu mbali yachiwiri, ndipo mukapezapo dzina, nyamukani mukampatse munthuyo dzanja. Musadikire kuti ayambe ndi iye, pakuti kapena iye ali kutchula dzina lanu usiku uli wonse inu osadziwa.

Akatekisti athu aja ali pompano, ndipo tabwera pa njinga yomwe ija.  Mulungu adalitse mishoni ino ndi midzi yache yonse.